Nyerere zikutiwonongera malonda ku Chinamwali: tingazithetse bwanji popanda kuika chiphe pafupi ndi chakudya?

Mayi wa ku Chinamwali:

Moni nonse, abale ndi alongo. Ndabwera kudzapempha nzeru pa vuto limene landisowetsa mtendere chigwereni mvula ya chizimalupsa. Ndili ndi golosale yaing'ono kuno ku Chinamwali, pafupi ndi msewu wopita ku Liwonde, momwe ndimagulitsa shuga wopima, ufa, mtedza, mafuta ophikira ndi zina zotero, ndipo kuseri kwake kuli kachipinda kamene timaphikiramo masikono ndi mandasi ogulitsa m'mawa. Nyumba imene timagona ndi yogundizana ndi golosaleyo, khoma lake ndi limodzi.

Nyerere zimene zatilowerera ndikuona kuti ndi za mitundu iwiri. Zina ndi zing'onozing'ono kwambiri, zachikasu motuwira, ndipo zimayenda pa mzere m'mphepete mwa mashelefu ndi motsatira waya wa magetsi. Zimenezi ndi zimene zimalowa m'thumba la shuga ngakhale nditalimanga kukamwa ndi chingwe, ndipo ndaziona zikutuluka m'bowo la soketi ya pakhoma. Zina ndi zoderapo, zimatulukira mu mng'alu wa simenti pafupi ndi chitseko, ndipo m'mawa uliwonse ndimapeza zaunjika dothi losalala pakamwa pa mng'aluwo. Pakati pa zoderazi pamakhala zina za mitu ikuluikulu. Izi shuga sizimulabadira kwenikweni, koma zimathamangira nyenyeswa za mandasi, mtedza ndi pamene padonthera mafuta.

Ndakhala ndikupopera mankhwala a m'chitini ogula m'sitolo. Zimene zapoperedwa zimafa pomwepo, koma pakapita masiku ochepa mzere wina umayambika pena, ndipo tsopano zachikasu zija zafika ndi kuchipinda chogona kumene kale kunalibe. Kasitomala wina anandibwezera masikono atapeza nyerere m'pepala, ndipo inu mukudziwa kuti pa malonda a zakudya mbiri yotere sichedwa kufalikira mudzi wonse.

Anthu andiuza zosiyanasiyana. Ena akuti ndigule timibulu takuda timene amagulitsa pamsika topheranso makoswe, ndisakanize ndi shuga ndi kumwaza m'makona. Ena akuti ndiike mapilitsi osungira chimanga mu mng'alu uja. Mtima wanga ukukana, chifukwa pakhomo pano pali mdzukulu wanga amene akukwawa, palinso mphaka, ndipo zonse zimene ndimagulitsa ndi zolowa m'kamwa mwa anthu. Kuwonjezera apo, usiku wina linthumbwi linalowa m'khola la nkhuku ndi kupha anapiye, ndipo bambo a kunyumba akufuna kudula mtengo wa mango umene uli kuseri, ati ndi umene ukusunga nyerere.

Ndiye ndikufunsa: n'chifukwa chiyani nyererezi zikubwerera ndi kuchulukira pamene ndikupopera? Kodi pali njira imene ingazithetse popanda kuika moyo wa mwana ndi wa makasitomala pa chiswe? Nanga linthumbwi ndi mtengo wa mango tichite nazo bwanji?

Mlangizi wopuma, Thondwe:

Mayi, mwafotokoza bwino kwambiri, ndipo kufotokoza kwanuko kwapeputsa ntchito, chifukwa pa nkhani ya nyerere choyamba ndi kudziwa mtundu umene mukulimbana nawo.

Nyerere zimene mumaziona pa mzere ndi zantchito chabe, ndipo si zimene zimachulukitsa banja. Imene imaikira mazira ndi mfumukazi, yomwe imakhala m'chisa pamodzi ndi mazira ndi mphutsi, ndipo situluka kukafuna chakudya. Zantchito zimene zili panja pa nthawi imodzi ndi gawo lochepa la banja lonse. Choncho kupopera pa mzere kuli ngati kutchetcha nansongole mizu n'kuisiya m'nthaka: pamaoneka poyera lero, koma m'chisa muja zina zikuswedwa, ndipo posachedwa zidzalowa m'malo mwa zimene zafa.

Zachikasu zija, malinga ndi mmene mwazifotokozera, zikufanana ndi mtundu umene akatswiri amautcha Monomorium pharaonis. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamilimita 2, ndipo zimakonda malo otentha ndi obisika, monga m'kati mwa khoma, kuseri kwa soketi, pafupi ndi uvuni kapena pakati pa makatoni ounjikana. Chovuta cha mtundu umenewu n'chakuti chisa chimodzi chimakhala ndi mafumukazi ambiri, ndipo banjalo likasokonezedwa ndi mankhwala a fungo lothamangitsa, limagawikana: zantchito zina zimanyamula mphutsi, n'kutengana ndi mafumukazi ena kukayamba chisa chatsopano pena. Ichi ndi chifukwa chake zafika kuchipinda chogona. Ndikupemphani kuti kupopera mulekeretu, chifukwa pa mtundu umenewu kupoperako ndi kumene kukufalitsa vuto.

Zodera za mitu ikuluikulu zikufanana ndi Pheidole megacephala. Izi zimamanga chisa m'nthaka, kunsi kwa simenti, ndipo dothi limene mumasesa m'mawa ndi limene zafukula pokuza chisacho. Za mitu ikuluikuluzo ndi za banja lomwelo, ntchito yake ndi kuteteza ndi kuphwanya chakudya cholimba. Nazonso zimakhala ndi mafumukazi ambiri, ndipo monga mwaonera, mtima wawo uli pa mafuta ndi zakudya monga mtedza.

Njira imene imafika kwa mfumukazi ndi nyambo. Nyerere yantchito ikamwa chakudya chamadzimadzi imachisunga m'mimba, ndipo ikafika kuchisa imagawira zinzake, mphutsi ndi mfumukazi kukamwa ndi kukamwa. Ndiye chofunika ndi mankhwala opha pang'onopang'ono, oti nyerere iwamwe, iyende nawo mpaka kuchisa ndi kuwagawa isanafe. Odziwika bwino ndiponso osavuta ndi ufa woyera wotchedwa boric acid, umene mungaufunse ku famase. Sungunulani theka la supuni yaing'ono ya ufawu ndi masupuni aang'ono 9 a shuga m'kapu imodzi ya madzi otentha, ya mamililita 250. Mukatero mankhwala amakhala pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 alionse, ndipo muyezo umenewu ndi wofunika kuusunga. Anthu ambiri amaganiza kuti kuchulutsa mankhwala ndi kufulumizitsa ntchito, koma nyambo ikakhala yaukali nyerere zimaikana, kapena zimafera panjira mfumukazi isanalaweko.

Viikani thonje m'madziwo, liikeni m'kabotolo kakang'ono, tsekani, ndipo pa chotsekera boolani timabowo ndi msomali waung'ono toti nyerere yokha n'kulowa. Kabotoloko kakhale pafupi ndi mzere, pamalo pamene mwana ndi mphaka sangafike, monga pamwamba pa shelefu kapena kuseri kwa kabati yolemera, ndipo mungathe kukamangirira ndi waya kuti kasagwe. Kwa zokonda mafuta zija, sakanizani kota ya supuni yaing'ono ya ufa womwewo m'masupuni aakulu 4 a chiponde, ndi kuika m'kabotolo kotsekeka chimodzimodzi. Ndi bwino kutchera nyambo zonse ziwiri pamodzi, chifukwa banja limasintha zokonda: likakhala ndi mphutsi zambiri limafuna za mafuta ndi zomanga thupi, nthawi zina limafuna zotsekemera. M'sitolo zina za zipangizo zaulimi mumapezekanso nyambo zopangiratu zokhala ndi hydramethylnon kapena fipronil, ndipo pa za mitu ikuluikulu zimenezi zimagwira ntchito bwino koposa.

Masiku oyamba mudzaona nyerere zachuluka kwambiri pa kabotolo, ndipo mtima udzafuna kuti muziphe. Zisiyeni, chifukwa zimenezo ndi zimene zikukunyamulirani mankhwala. Musapopere pafupi, ndipo musapukute njira yopita ku nyambo. Thonje likauma kapena likachita nkhungu, ikani lina. Pa zachikasu zija, kuchokera pa dzira kufika pa nyerere yantchito pamapita masiku pafupifupi 40, choncho nyambo iyenera kukhalapo milungu 6 mpaka 8, ngakhale mzere utaoneka kuti watha msanga. Za linthumbwi ndi mtengo wa mango ndi nkhani ina, ndidzabwereranso.

Mayi ophika pa msika waukulu wa Zomba:

Achemwali, pepani ndi vutolo, ife ogulitsa zakudya timalidziwa bwino. Zimene anena alangizi ndikuzivomereza, koma ndikufuna nditsindike mbali imene iwo sanaikhudze. Nyerere siingasiye thumba la shuga la makilogalamu 20 limene lili pansi n'kupita ku kabotolo ka thonje. Nyambo imagwira pamene chakudya china chonse chatsekeredwa.

Shuga ndi ufa zichoke m'matumba ndi kulowa m'ndowa za pulasitiki zokhala ndi zivundikiro zothina, chifukwa kumanga thumba ndi chingwe sikutchinga kanyerere ka mamilimita 2. Ndowazo zisakhale pansi kapena kugunda khoma. Madzulo aliwonse, mukatseka, pukutani sikelo, kauntala ndi kapu yopimira ndi nsalu ya madzi a sopo, ndipo musaiwale kunsi kwa mbale ya sikelo, kumene timibulu ta shuga timabisala. Kusesa kwenikweni ndi kwa madzulo osati kwa m'mawa, chifukwa usiku ndi pamene nyerere zimayenda popanda wozisokoneza, ndipo zikapeza chakudya zimasiya fungo m'njira loti zinzake zitsatire. Madzi a sopo kapena a viniga amafufuta fungo limenelo, ndiye pukutani paliponse kupatula njira imene alangizi anena kuti muisiye.

Pali malo awiri amene ambiri sawaganizira. Oyamba ndi makireti a mabotolo a zakumwa amene anthu amwera kale, chifukwa kunsi kwa botolo lililonse kumatsalira timadzi totsekemera. Makireti amenewo azikhala panja, kutali ndi chitseko. Achiwiri ndi makatoni amene timabwera nawo kooda katundu. Ndinaonapo katoni ya masiwiti imene nditang'amba pepala lake lapansi ndinapeza nyerere zachikasu zitaunjikana m'timizere ta m'kati mwa katoniyo pamodzi ndi mazira awo oyera. Choncho katundu muzimutulutsira pakhonde, makatoni asagone m'golosale.

Tebulo loikapo masikono likhale lotalikirana ndi khoma, ndipo miyendo yake iime m'zitini za madzi a sopo. Madzi opanda sopo sathandiza kwenikweni, chifukwa pakagwa fumbi nyerere zing'onozing'ono zimayenda pamwamba pake, komanso amaswa udzudzu. Onetsetsani kuti nsalu ya patebulo sikulendewera mpaka pansi, ndipo tsache kapena mpando zisatsamire tebulolo, chifukwa chilichonse chogunda chimasanduka mlatho. Masikono azizire kaye patebulo limenelo musanawaike m'mapepala, ndipo mapepalawo muzisunga m'ndowa yotseka.

Shuga amene nyerere zalowa kale, ngati sanakhudzidwe ndi mankhwala opopera, muyanikeni pa thireyi padzuwa, nyerere zidzathawa zokha, kenaka mumusefe ndi kugwiritsa ntchito pakhomo. Amene mankhwala anamufikira mutayeni m'chimbudzi, musamugulitse ndipo musamuphikire.

Pamene ndikusiyana pang'ono ndi alangizi ndi pa malo oika nyambo. Ine m'chipinda chophikira sindingaikemo mankhwala a mtundu uliwonse, ngakhale ofooka, chifukwa m'bandakucha munthu amagwira ntchito mothamanga ndipo wokuthandizani angathe kugwetsa kabotolo pafupi ndi ufa. Ndingakonde mutatsatira mzere mpaka pamene ukutulukira, ndi kutchera kumeneko, kunja kwa chipinda chophikira.

Mmisiri womanga nyumba, Matawale:

Mayi, ine ndilankhulepo za nyumbayo, chifukwa ntchito yanga ndi ya njerwa ndi simenti.

Kuno ku Zomba mvula imagwa yambiri, ndipo nyumba zambiri za ku Chinamwali zinamangidwa pamalo otsetsereka, kumene madzi ochokera kumtunda amadzagunda maziko. Nthaka ikakhuta madzi, nyerere zokhala pansi zimasamukira pouma, ndipo pouma pamene zimapeza ndi kunsi kwa simenti ya nyumba yanu. N'chifukwa chake vutoli limakula kuyambira Novembala mpaka Epulo. Yendani mozungulira nyumba mvula ikangokata, muone pamene madzi akudikha pafupi ndi khoma. Pamenepo pafunika ngalande yopatutsa madzi, ndipo ngati n'kotheka kakhonde ka simenti kozungulira nyumba, kopendekera kunja. Onaninso mpope wodontha ndi paipi yotaya madzi a pasinki, chifukwa nyerere zimafuna madzi monga zimafunira chakudya, ndipo m'chilimwe mpope wodontha wokha ndi wokwanira kuziitana.

Mng'alu wa pachitseko uja musautseke panopa. Mukaumata nyerere zikadali zamoyo kunsi, zidzaboola pena, mwina pamalo pamene simungaone msanga. Dikirani nyambo ithe ntchito, dothi lileke kuunjikana, ndiye muitane mmisiri. Kumata kwake si kungopaka simenti pamwamba, chifukwa yotero imasweka pakangopita miyezi yochepa. Mng'alu umayenera kugobedwa ndi tchizulo kuti ukule pang'ono, fumbi lichotsedwe, panyowetsedwe, kenaka pathiridwe matope a muyezo umodzi wa simenti pa miyezo 3 ya mchenga wosefa, ndipo pazithiridwa madzi kwa masiku angapo kuti palimbe. Malo ena oyenera kutseka ndi pamene paipi yaboola khoma, m'mbali mwa mafelemu a zitseko ndi mazenera, ndi pamene pulasitala wakumana ndi simenti ya pansi. Timipata tating'ono ta m'mafelemu timatsekeka bwino ndi phala lomatira lotchedwa silicone.

Za soketi ija ndikuchenjezeni kwambiri. Musathiremo madzi ndipo musapoperemo mankhwala a m'chitini, chifukwa mpweya wake umayaka moto ukakumana ndi kuthetheka kwa magetsi. Nyerere zikachuluka m'soketi zimabweretsa zinyalala ndi chinyezi, ndipo mawaya angathe kugundana. Muitane wodziwa za magetsi, azimitse pa switchi yaikulu, atsegule ndi kuyeretsa.

Nkhuni, njerwa zotsala pomanga, matabwa ndi mulu wa zinyalala zisatsamire khoma, ndipo dzala likhale kutali ndi nyumba. Pomaliza, poti mwatchula dothi, onetsetsani kuti si chiswe. Nyerere ili ndi chiuno chowonda ndi tinyanga topindika, ndipo dothi lake ndi losalala, lomwazika. Chiswe ndi choyererako, chilibe chiuno chowonda, ndipo chimamata timisewu ta dothi tokwera khoma kapena felemu. Mukaona timisewu totero, gogodani matabwa a chitseko ndi a denga mumve ngati adyeka m'kati, chifukwa chiswe nyambo ya shuga sichiidya, ndipo chimafuna mankhwala ake othira m'nthaka ya maziko ndi anthu odziwa ntchitoyo.

Wa zaumoyo, Sadzi:

Mayi, mtima wanu wachita bwino kukana malangizo awiri aja, ndipo ndikupempha aliyense amene akuwerenga kuti amvetsetse chifukwa chake.

Timibulu takuda togulitsidwa m'timapepala topanda dzina nthawi zambiri ndi tameki, amene dzina lake lenileni ndi aldicarb. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linamuika m'gulu la mankhwala oopsa kwambiri kuposa onse. Timibulu tochepa tokha tingathe kupha mwana, ndipo kutisakaniza ndi shuga n'kumwaza pansi pamene pali mwana wokwawa ndi kumutchera mwanayo. Mapilitsi osungira chimanga aja ndi aluminium phosphide, amene akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wakupha wotchedwa phosphine. Mpweyawu umadutsa m'ming'alu ndi pamwamba pa khoma, ndipo anthu amafa ali m'tulo m'chipinda choyandikana. Inu mwanena kuti golosale ndi nyumba khoma lake ndi limodzi, choncho mapilitsi amenewo asalowe n'komwe pakhomo panu. Choko cholemba pakhoma chophera mphemvu ndi nyerere nachonso chili ndi mankhwala, ndipo ana amachitola poganiza kuti ndi choko cha kusukulu.

M'dziko muno muli lamulo loyendetsa za mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, ndipo bungwe la Pesticides Control Board, limene likulu lake lili ku Bvumbwe, ndi limene limavomereza mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa ndi kwa opopera olipidwa. Mukafuna kugula, pitani kwa wogulitsa wa chiphaso, ndipo mankhwala akhale m'botolo lake lenileni lokhala ndi malangizo. Kunsi kwa pepala la pa botololo kumakhala mzere wa mtundu: wofiira ndi wa oopsa kwambiri, kenaka wachikasu, wabuluu, ndipo wobiriwira ndi wa ochepa ukali. Wina akabwera ndi mpope kumsana kuti akupopereni golosale, mufunseni chiphaso ndi dzina la mankhwala, ndipo akalephera kuyankha mubwezeni.

Boric acid amene anena alangizi ndi wofooka poyerekeza ndi amenewa, koma si chakudya, ndipo mwana wamng'ono akamudya amadwala. Popeza ndi ufa woyera wofanana ndi soda wophikira, musamusunge m'chipinda chophikira. Lembani pa botolo, ndipo supuni ndi kapu zosakanizira zikhale zakezake.

Munthu akamwa kapena kudya mankhwala onga tameki amatuluka dovu ndi thukuta lambiri, amasanza, amatsegula m'mimba, amabanika, ndipo kadontho kakuda ka pakati pa diso kamachepa kwambiri. Musamusanzitse ndipo musamumwetse mkaka kapena mafuta. Thamangirani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Zomba Central, mutatenga pepala kapena botolo la mankhwalawo kuti madokotala adziwe chimene akulimbana nacho.

Zotsala za mankhwala opopera zisatayidwe m'ngalande. Madzi a mumzinda uno amathera m'mitsinje monga Likangala, umene umathira m'nyanja ya Chilwa, ndipo mankhwala monga cypermethrin ndi fipronil amapha nsomba ngakhale atakhala ochepa. Komabe sindikunena kuti nyerere muzilekerere, chifukwa zimene zikuyenda pa masikono mwina zadutsa kudzala kapena kuchimbudzi, ndipo zimanyamula tizilombo toyambitsa matenda otsegula m'mimba.

Mayi wa ku Chinamwali:

Zikomo kwambiri nonse chifukwa cha nthawi yanu. Kupopera ndaleka, ndowa zotseka ndagula, ndipo nyambo ndaitchera kuseri kwa kabati ya m'golosale ndi panja pa chitseko, osati m'chipinda chophikira, monga achemwali anandilangizira. Ndagogoda mafelemu ndipo ndi olimba, timisewu ta dothi palibe. Alangizi, ndikudikirabe za linthumbwi, chifukwa nkhuku ina ikufungatira. Mtengo wa mango ndauyang'anitsitsa: pamwamba pali nyerere zofiira za miyendo itaiitali zimene zalumikiza masamba kukhala zisa, koma pa thunthu pakukwera zodera zomwe zija, ndipo masamba a nthambi zam'munsi ndi onata, akuda ngati apakidwa mwaye. Kodi tiudule?

Mlangizi wopuma, Thondwe:

Mayi, mtengowo musaudule. Nyerere zofiira zosoka masambazo, zimene akatswiri amazitcha Oecophylla longinoda, zimakhala mumtengo momwemo ndipo si zimene zikulowa m'shuga wanu. Zimaluma pothyola mango, koma zimagwira mbozi ndi kuthamangitsa ntchentche zimene zimaikira mazira m'zipatso n'kuziwoletsa, moti alimi a mtedza wa kashu (korosho) ku Tanzania ndi a mango ku Benin amazisunga dala m'minda yawo. Zodera zokwera pa thunthuzo ndi zimene zili ndi mlandu. Zikutsatira tizilombo toyamwa madzi a mtengo, timene timamatirira kunsi kwa masamba ndi kutulutsa timadzi totsekemera. Nyerere zimamwa timadzito ndi kuteteza tizilomboto kwa adani ake, ndipo kuda kwa masambako ndi nkhungu imene imamera pa timadzi tomweto. Malinga chakudya chimenechi chilipo, nyambo yanu idzakhala ndi wopikisana naye. Dulani nthambi zam'munsi zodwalazo ndi zonse zogunda denga kapena khoma, kuti pakhale mpata wa mita imodzi. Kenaka kulungani thunthu ndi pepala la pulasitiki lothina bwino, ndi kupaka girizi pamwamba pa pepalalo, osati pa khungwa, chifukwa girizi amawononga khungwa. Fumbi likamatirira, pakaninso.

Linthumbwi ndi losiyana ndi zonsezi. Ndi la gulu lotchedwa Dorylus, zantchito zake zilibe maso, ndipo banja limodzi lingathe kufika 20 miliyoni. Silikhazikika malo amodzi; limakhala pansi, kawirikawiri pa chitsa kapena pa mizu ya mtengo, kwa kanthawi, kenaka limasamuka. Chakudya chake ndi zamoyo, monga nyongolotsi, mphemvu ndi mbozi, choncho nyambo ya shuga kapena ya chiponde ilibe nalo ntchito, ndipo kulimbana nalo kuti mulithe ndi kutaya ndalama. Chofunika ndi kulipatutsa ndi kuteteza zimene sizingathe kuthawa: anapiye, nkhuku yofungatira, akalulu a m'khola, maunda a nkhunda, khanda ndi munthu wodwala.

Limakonda kuyenda usiku ndi pa nyengo ya chinyezi, ndipo limadana ndi dzuwa ndi malo ouma oyera. Lambulani udzu ndi masamba mozungulira khola. Khola la anapiye likhale lam'mwamba, ndipo nsanamira zake zipakidwe girizi mozungulira kapena ziime m'zitini za oyilo wakutha wa galimoto, zovundikirika mokwanira kuti nkhuku zisamwe. Madzulo thirani phulusa louma mozungulira, mzere wotambalala ngati chikhatho ndi wosadukiza, ndipo mvula ikagwa thiraninso, chifukwa phulusa lonyowa linthumbwi limangodutsapo. Mukauona mdipiti ukulunjika kukhola, thirani phulusa lotentha kutsogolo kwake kuti ukhote. Ena amanyowetsa chisanza ndi palafini n'kuchiika pakhomo, ndipo zimathandiza, koma musaphatikize palafini ndi phulusa la moto kapena muuni wa udzu pafupi ndi khola.

Likalowa kale m'khola, tsegulani chitseko kuti nkhuku zituluke, anapiye muwanyamulire m'dengu ndi kuwachotsa nyererezo imodziimodzi, chifukwa zikaluma sizitaya. Likalowa m'nyumba, yambani mwatulutsa mwana, mumuvule zovala ndi kumuyang'ana m'tsitsi, m'makutu ndi m'mphechepeche. Nthawi zambiri limadutsa pa maola ochepa. Nkhuku yofungatirayo muisamutse madzulo ano pamodzi ndi chisa chake, muiike pa tebulo lakale kapena pa thandala limene miyendo yake mwaiteteza monga ndafotokozera, ndipo muisamutse kutada kuti isakane mazira.